Ndikufuna kukhala wofufuza za kutentha m'nyumba, koma anzanga akuti ntchitoyi inatha kale

Wowerenga wina watilembera motere: "Ndamaliza digiri yoyamba ya uinjiniya wa makina, ndipo mtima wanga uli pa kafukufuku wa mmene nyumba zingagwiritsire ntchito mphamvu zochepa, makamaka nkhani ya insulation (zinthu zoika m'makoma ndi m'madenga kuti zitchinge kutentha) ndi kusunga kutentha. Koma anzanga onse athamangira ku sola ndi mabatire, ndipo akundiuza kuti za makoma ndi madenga zinafufuzidwa kale, chatsala n'kumanga basi. Ndine mtsikana wa zaka 24, ndipo ndikuopa kuthera zaka zambiri pa chinthu chimene sichidzandipatsa ntchito. Kodi ndikutaya nthawi? Ngati ayi, ndiyambire pati, ndipo ndisankhe mbali iti?"

Achemwali, mtima m'malo. Simukutaya nthawi, ndipo funso lanuli landisangalatsa chifukwa achinyamata amene amalifunsa ndi ochepa. Anzanuwo akunena zoona pa chinthu chimodzi. Masamu a mmene kutentha kumadutsira m'chinthu ndi akale ndithu, Joseph Fourier anawalemba mu 1822 ndipo mpaka lero tikugwiritsabe ntchito omwewo. Koma kudziwa masamu a khoma papepala n'kwina, kudziwa chimene khoma lomangidwa ndi anthu likuchita pakatha zaka khumi likunyowa ndi mvula ndi kuwombedwa ndi dzuwa n'kwinanso. Ntchito yathu yonse ili pakati pa ziwirizi, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti mpatawo ukadali waukulu.

Kukula kwa nkhaniyi muyambe mwakuona kaye. Bungwe la International Energy Agency limawerengera kuti nyumba zimadya pafupifupi magawo 30 pa 100 alionse a mphamvu zimene anthu amagwiritsa ntchito padziko lonse, ndipo gawo lalikulu limapita pa kutenthetsa, kuziziritsa ndi kufunditsa madzi. Mu lipoti lake la 2018 lonena za kuziziritsa, bungweli linati makina oziziritsa m'nyumba, amene panthawiyo analipo pafupifupi 1.6 biliyoni, akhoza kufika 5.6 biliyoni pomafika 2050. Mnzanu wa sola akuyesetsa kudzaza ndowa. Inu mukufuna kumata pamene ndowayo ikudontha. Onse awiri ndi ofunika, koma omata ndi ochepa.

Tsono ndikuuzeni chimene ndikanakonda wina akanandiuza ndili pa msinkhu wanu: phunzirani kuyeza nyumba yeniyeni musanayambe kukhulupirira nyumba ya pa kompyuta. Achinyamata ambiri amene ndagwira nawo ntchito amabwera akudziwa bwino mapulogalamu, amajambula nyumba, n'kutulutsa magirafu okongola, koma sanagwirepo khoma ndi dzanja lawo m'mamawa kuti amve pamene pakuzizira. Chitsanzo chimene ndimakonda kupereka n'cha ku England. Cha m'ma 2000, ofufuza a ku Leeds Metropolitan University anayeza nyumba zatsopano pa malo otchedwa Stamford Brook. Ankatenthetsa nyumba yopanda munthu kwa masiku angapo ndi mahita a magetsi, n'kumawerenga magetsi amene akulowa poyerekeza ndi kuzizira kwa panja. Anapeza kuti nyumbazo zinkataya kutentha kochuluka kuposa mmene mapulani ankanenera. Atafufuza chifukwa chake, anapeza kuti khoma logawa nyumba ziwiri zogundana linali ndi mphako pakati, ndipo mphakoyo inkagwira ntchito ngati chumuni, mpweya wofunda unkakwera n'kutulukira kudenga. Malamulo a nthawiyo ankati khoma lotere silitaya kutentha kulikonse chifukwa mbali zonse ziwiri n'zofunda. Mu 2010 malamulowo anasinthidwa. Palibe kompyuta imene ikanaona zimenezi, chifukwa kompyuta imangobwereza zimene mwaiuza.

Inenso ndinakumana nazo. Nthawi ina tinaitanidwa ku nyumba ina ya maofesi imene inali itangoikidwa insulation mkati mwa makoma, koma bilu ya mphamvu sinatsike mmene eni ake ankayembekezera. Tinamata tizipangizo toyezera kutentha kodutsa pakhoma, timbale tating'ono tonga kachikhatho ka mwana, n'kutisiya kwa milungu iwiri. Muyezo wa ISO 9869, umene umatsogolera kuyeza kotereku, umafuna maola osachepera 72, koma khoma lolemera la njerwa limachedwa kuyankha, ndiye masiku atatu sakwanira kawirikawiri. Manambala atabwera, khoma lina linali bwino, lina linkataya kutentha ngati kuti mulibe kanthu. Titabowola kabowo n'kupisamo dzanja, insulation ija, ya ubweya wa galasi, inali yonyowa, itafwamphuka n'kutsikira pansi ngati bulangete lonyowa, pamwamba pake patatsala mpata wa mkono wathunthu. Kuseri kwa bolodi kunali chuku chakuda. Fungo lake ndimalikumbukirabe, komanso nkhope ya mayi amene ankagwira ntchito pafupi ndi khomalo, amene anali atakhala akutsokomola miyezi ingapo. Tsiku limenelo ndi limene ndinaleka kuona kutentha ndi chinyezi ngati maphunziro awiri.

Apa ndipamene ndikufuna mukhazikike. Insulation payokha ndi yosavuta kuimvetsa. Chimene chimatchinga kutentha kwenikweni ndi mpweya wosayenda wotsekeredwa m'timipata ting'onoting'ono. Mpweya woterewu umadutsitsa kutentha pa mlingo wa 0.026 W/mK (nambala imeneyi ikachepa, ndiye kuti chinthucho chikutchinga bwino), ubweya wa miyala kapena wa galasi uli cha pa 0.035 mpaka 0.040, njerwa wamba cha pa 0.7, ndipo chitsulo chili cha pa 50. Mukawerengera mupeza kuti masentimita 10 a ubweya wa miyala amatchinga mofanana ndi khoma la njerwa lokhuthala pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 75. N'chifukwa chakenso kachitsulo kamodzi kodutsa kuchokera mkati mpaka kunja, chimene timati thermal bridge, kakhoza kuwononga ntchito ya khoma lonse. Koma madzi amadutsitsa kutentha kuposa mpweya nthawi zoposa 20. Timipata tija tikangodzala madzi, insulation yafa. Ndipo mukaika insulation, mbali imodzi ya khoma imazizira kuposa kale, ndiye nthunzi yochokera m'nyumba ikafika pamalo ozizirawo imasanduka madzi, monga mame am'mawa pa udzu. Kumene kumazizira, nthunzi imayenda kuchoka mkati kupita kunja. Kumene kumatentha ndi chinyontho, m'nyumba yoziziritsidwa ndi makina, imayenda kuchoka kunja kulowa mkati. Pepala lotchinga nthunzi limene lili pamalo oyenera m'dziko lina limawoletsa khoma m'dziko lina. Mabuku ambiri analembedwa ndi anthu a m'mayiko ozizira, ndipo ngati mukufuna malo amene akusowa ofufuza, nkhani ya makoma ndi madenga a m'madera otentha ndi amodzi mwa iwo.

Mwafunsa kuti musankhe mbali iti. Ineyo ndimaona njira zitatu, ngakhale kuti zimalowerana.

Yoyamba ndi ya zipangizo zenizenizo. Apa mumakhala m'labotale, mukuyeza tizidutswa pakati pa mbale yotentha ndi yozizira. Pali aerogel, chinthu chopepuka kwambiri chodzala ndi timipata ting'onoting'ono ta mpweya, imene Samuel Kistler anaipanga koyamba mu 1931, yomwe imatsika kufika cha pa 0.015, kutchinga kuposa mpweya womwe. Pali mapanelo ochotsedwa mpweya mkati amene amafika cha pa 0.004 akadali atsopano, koma msomali umodzi ukawabowola mphamvu yawo yambiri yapita. Palinso zochokera ku zomera monga udzu, ulusi wa matabwa ndi mapepala ogayidwa, zimene zikufunika kafukufuku wambiri pa nkhani ya moto, chiswe ndi kuwola. Njirayi imakomera munthu wokonda chemistry, koma imafuna labotale yokhala ndi zida zodula, ndiye musanavomere malo funsani ngati zidazo zilipodi komanso ngati zikugwira ntchito. Chenjezo langa n'lakuti musakondane ndi chipangizo chimodzi. Ndaona anthu akuthera zaka zinayi akutsitsa nambala ina pang'ono chabe, pamene vuto lenileni linali lakuti amisiri sangathe kuchidula kapena kuchimata pamalo omanga.

Yachiwiri ndi ya nyumba yonse ngati thupi limodzi. Kafukufukuyu anakula kwambiri mafuta atakwera mtengo mu 1973. Mu 1977 ku Regina m'dziko la Canada anamanga Saskatchewan Conservation House, imene inasonyeza kuti kukhuthalitsa insulation ndi kutseka ming'alu yolowera mphepo kumapulumutsa mphamvu zambiri kuposa kuwonjezera makina. Maganizo amenewa ndi amene Wolfgang Feist ndi Bo Adamson anawakulitsa kukhala Passivhaus, kamangidwe ka nyumba zofuna mphamvu zochepa kwambiri potenthetsa, ndipo nyumba yoyamba inamalizidwa ku Darmstadt m'dziko la Germany mu 1991. Muyezo wake umati kutenthetsa kusapitirire 15 kWh pa sikweya mita iliyonse pachaka, ndipo poyeza ndi fani yomangirira pakhomo, mpweya wolowa ndi kutuluka m'ming'alu pa ola limodzi usapose magawo 60 pa 100 a mpweya wonse wa m'nyumbamo, faniyo ikukankha pa mphamvu ya 50 pascal. Panjira imeneyi mumafunika kudziwa mapulogalamu monga EnergyPlus, TRNSYS ndi WUFI ya chinyezi, komanso Python yosanthulira manambala. Zimenezi mudzaziphunzira, musade nazo nkhawa. Chovuta kwambiri ndi anthu okhala m'nyumbamo. Amatsekula zenera pamene inu munaganiza kuti likhala lotseka, ndipo nyumba ikayamba kutentha motchipa ena amangowonjezera kutenthako m'malo mosunga ndalama. Sikuti akulakwa ayi, nyumba ndi yawo. Ofufuza Richard de Dear ndi Gail Brager anasonyeza mu 1998 kuti anthu okhala m'nyumba zotsekula mazenera amamva bwino pa kutentha kosiyanasiyana kuposa mmene mawerengedwe akale ankanenera. Choncho ngati mumatha kukhala pansi n'kumvetsera munthu akufotokoza chifukwa chimene amagonera chitseko chili chotsekula, muli ndi luso limene mainjiniya ambiri alibe.

Yachitatu ndi kusunga kutentha kapena kuzizira, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene achinyamata amakopeka kwambiri komanso pamene amagwa kwambiri. Njira yakale ndi kutenthetsa chinthu cholemera. Madzi ndi mfumu pa zimenezi, kilogalamu imodzi imasunga 4.18 kJ (kilojoule, muyezo wa mphamvu) pa digiri iliyonse, pamene konkire imasunga pafupifupi 0.9. Thanki ya malita 1,000 mukaitenthetsa ndi madigiri 40 mwasunga pafupifupi 46 kWh, popanda lithium kapena chitsulo chosowa chilichonse. Khoma lolemera limachitanso chimodzimodzi, limamwa kutentha masana n'kukutulutsa usiku. Félix Trombe anagwiritsa ntchito nzeruyi ku Odeillo m'dziko la France mu 1967 poika galasi kutsogolo kwa khoma lakuda, ndipo Mick Pearce anaigwiritsa ntchito poziziritsa Eastgate Centre ku Harare, imene inatsekulidwa mu 1996, polowetsa mphepo yozizira ya usiku m'konkire kuti masana mukhale mozizira. Koma nzeruyi imadalira kuti usiku uzizizira. Kumene usiku kumakhala kotentha ngati masana, khoma lolemera limasanduka uvuni umene umakuwotchani mukugona.

Njira ina ndi ya zinthu zimene zimasungunuka ndi kuundana, zimene timati PCM (phase change materials). Chinthu chikamasungunuka chimameza kutentha kwambiri popanda madigiri ake kukwera. Kilogalamu imodzi ya ayezi imameza 334 kJ posungunuka, mphamvu yokwanira kukweza kilogalamu ya madzi ndi madigiri 80. N'chifukwa chake nyumba zina zikuluzikulu zimapanga ayezi usiku magetsi ali otchipa n'kumaziziritsira masana. Pa makoma timagwiritsa ntchito phula la parafini kapena mitundu ina ya mchere yosungunuka pa kutentha kwa m'chipinda. Mbiri yake muidziwe, ndipo mwina ikulimbikitsani chifukwa amene anatsogolera anali mayi. Mu 1948 Mária Telkes, pamodzi ndi katswiri wojambula nyumba Eleanor Raymond, anamanga nyumba ku Dover m'chigawo cha Massachusetts yotenthetsedwa ndi dzuwa, kutenthako kukusungidwa m'migolo ya mchere wa Glauber, umene umasungunuka pa madigiri 32. Inagwira ntchito nyengo zozizira ziwiri, koma m'nyengo yachitatu inalephera. Mcherewo unalekana, wolemera unakhala pansi, madzi pamwamba, n'kuleka kuundana bwino, ndipo migolo inadyeka n'kuyamba kudontha. Papita zaka zoposa 70, koma mavuto omwewo, kulekana, dzimbiri ndi kukana kuundana pa digiri yoyenera, ndi amene ofufuza akulimbana nawo mpaka lero. Amene akukuuzani kuti zonse zinatha, muwauze nkhani imeneyi.

Ine ndinayesapo mabolodi a PCM m'zipinda ziwiri zofanana, china chili nawo china chilibe. Sabata yoyamba kusiyana kunaoneka bwino ndipo tonse tinasangalala. Kenako kunabwera masiku otentha otsatizana, ndipo mizere iwiri ya pa girafu inagundana n'kukhala umodzi. Usiku chipinda sichinkazizira mokwanira kuti phula liundanenso, ndiye m'mawa linkadzuka lili losungunuka kale, lopanda malo omezera kutentha kwina. Bolodilo linkagwira ntchito masiku amene silinkafunika kwenikweni, n'kugona masiku amene tinkalifuna. Zotsatira zimenezi tinazilemba mmene zinalili, ngakhale kuti amene anatipatsa mabolodiwo sanakondwe. Pamenepa mukonzekeretu, chifukwa ndalama zambiri za kafukufuku wa zipangizo zimachokera kwa ozigulitsa. Musanasaine mgwirizano uliwonse, onetsetsani kuti muli ndi ufulu wofalitsa zimene mwapeza ngakhale zitakhala zosakomera kampaniyo, ndipo ngati mawu a mgwirizanowo sakumveka, pitani nawo ku ofesi ya zamalamulo ya yunivesite yanu musanalembe dzina.

Palinso kusunga kutentha kwa nyengo yonse. Ku Okotoks m'dziko la Canada, mudzi wa Drake Landing wa nyumba 52 unayamba mu 2007 kusunga kutentha kwa dzuwa la chilimwe m'nthaka kudzera m'zitsime 144, ndipo m'nyengo yozizira ya 2015 mpaka 2016 kutenthetsa konse kunachokera ku dzuwa. Koma mu 2024 kunamveka kuti dongosololi likutsekedwa chifukwa zipangizo zinakalamba ndipo kuzikonza kunali kovuta. Ine nkhaniyi imandikhudza mtima, chifukwa sayansi yake inapambana koma funso la amene adzasamalire makinawo pakatha zaka 15 silinayankhidwe mokwanira. Limenelonso ndi funso la kafukufuku, ngakhale kuti silioneka lapamwamba.

Za ntchito, musaope kwambiri. Munthu wodziwa kuyeza ndi kuwerengera kutentha ndi chinyezi m'nyumba amafunidwa m'mayunivesite, m'malabotale a boma monga Lawrence Berkeley National Laboratory ku America kapena Fraunhofer Institute for Building Physics ku Germany, m'makampani opanga zipangizo, kwa alangizi a zomangamanga, ndi m'mabungwe olemba malamulo a kamangidwe. Choopsa chenicheni cha njira ya kuyunivesite n'chakuti mukamaliza PhD mukhoza kukhala zaka zingapo pa makontrakiti a chaka chimodzi kapena ziwiri, mukusamukasamuka. Ubwino wa gawo lathu ndi wakuti khomo lopita ku makampani limakhala lotsekula, kusiyana ndi magawo ena a sayansi. Ndiye musathamangire PhD. Chitani kaye masitazi ya building physics, sayansi ya kutentha, chinyezi ndi mpweya m'nyumba, kapena yofanana nayo, ndipo ngati n'kotheka mugwireko ntchito chaka chimodzi pamalo omanga kapena ndi anthu oyeza nyumba. Mukaona mmisiri akudula insulation mvula ikugwa, kapitawo akumufulumizitsa, mudzabwerera ku labotale ndi mafunso abwino kuposa amene mungawapeze m'mabuku.

Pali malo ena amene simuyenera kuyenda nokha. Oyamba ndi moto. Pa 14 June 2017 moto wa ku Grenfell Tower ku London unapha anthu 72, ndipo unafalikira mofulumira chifukwa cha zokutira kunja kwa nyumbayo zimene zinali zoyaka, zoikidwa pa ntchito yokonzanso nyumbayo. Chipangizo chilichonse chimene mukufufuza, kaya ndi thovu la pulasitiki, parafini kapena udzu, chionedwe ndi katswiri wa za moto musanalangize munthu kuchiika m'nyumba yogonamo anthu. Achiwiri ndi mpweya wopuma. Mukatseka ming'alu yonse popanda kukonza njira yolowetsera mpweya wabwino, mwatsekera chinyezi, utsi ndi mpweya wapoizoni wa carbon monoxide pamodzi ndi anthu, ndiye pamafunika wodziwa za kayendedwe ka mpweya komanso nthawi zina a zaumoyo. Mukamabowola makoma a nyumba zakale, funsani kaye ngati mulibe asbestos, chomangira chakale chimene fumbi lake limawononga mapapo. Ndipo mukaika zoyezera m'nyumba za anthu, dziwani kuti manambalawo amaulula nthawi imene amadzuka, kuphika ndi kuchoka pakhomo, choncho pitani ku komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku musanayambe.

Posankha amene adzakuyang'anireni pa kafukufuku, dzina lake lalikulu lisakukopeni lokha. Lankhulani ndi ophunzira ake akale iye palibe, muwafunse ngati amawerenga zolemba zawo pa nthawi yake komanso ngati anamaliza m'zaka zimene anagwirizana. Popeza ndinu mtsikana ndipo malo omanga akadali odzala ndi amuna, funsaninso atsikana amene anadutsamo kuti zinawayendera bwanji akapita kukayeza. Ngati zinthu zitavuta pakati panu ndi woyang'anirayo, musapirire mwakachetechete mpaka chaka chachitatu, kaonaneni ndi mkulu wa maphunziro apamwamba zinthu zikadali zokonzeka.

Mwezi uno womwe mukhoza kuyamba. Pezani tizipangizo titatu tolemba kutentha ndi chinyezi patokha, kamodzi muike panja pamthunzi, kena pakati pa chipinda chimene mumagona, kachitatu pakati pa denga ndi siling'i. Tizilemba mphindi 10 zilizonse kwa milungu inayi, inu muzilemba m'kope nthawi imene mwatsekula zenera, kuphika kapena kuchoka. Musanayang'ane zotsatira, werengerani ndi pensulo kuti chipindacho chizitentha kwambiri nthawi yanji, komanso patapita maola angati kuchokera pamene panja patentha kwambiri. Kenako yerekezani. Sizidzagwirizana, ndipo mukakhala pansi kufufuza chifukwa chake, kaya ndi mphepo yolowera pansi pa chitseko, kaya ndi dzuwa la madzulo pa khoma la kumadzulo, kaya kachipangizo kanu kanali pafupi ndi babu, mudzadziwa nokha ngati ntchito imeneyi ikukukomerani. Girafuyo ndi kope lanulo mudzazitenge pokakumana ndi amene mukufuna kuti akuyang'anireni, ndipo mundilemberenso mundiuze kuti mizereyo inasiyana ndi maola angati.